Imfa ya Maselo Yolamulidwa ndi Majini, ndi Kaphunzitsidwe Kake

MAWU OYAMBA

Mwana aliyense wa sukulu amadziŵa kuti mbululu ili ndi mchira pamene chule alibe. Koma mphunzitsi akafunsa kumene mchirawo umapita, ana ambiri amayankha kuti umaduka ndi kugwera m'madzi. Yankho limeneli si loona. Mchira wa mbululu suduka ayi; maselo ake amafa pa nthaŵi yoikika, ndipo thupi limameza zotsala zake ndi kuzigwiritsanso ntchito. Imfa yotere si ngozi, ndiponso si matenda. Ndi ntchito imene selo limagwira lokha pomvera malangizo a m'majini ake.

M'phunziro lino tifotokoza mmene akatswiri anatulukira majini olamulira imfa imeneyi, mmene majiniwo amagwirira ntchito, ndi zimene zimachitika akawonongeka. Pambuyo pake tipereka njira zophunzitsira mutuwu m'kalasi losoŵa zipangizo. Mfundo yaikulu imene tifuna kuti inu, aphunzitsi a maŵa, muigwiritse ndi iyi: selo lililonse lili ndi majini olamula kuti life ndi majini ena oletsa imfayo, ndipo thanzi la thupi lonse limadalira kuti mbali ziŵirizi zikhale pa muyeso woyenera. Nkhaniyi si ya m'mabuku mokha. Khansa ya khomo la chiberekero, imene imapha amayi ambiri m'Malaŵi, imayamba pamene kachirombo kasokoneza dongosolo lomweli.

MAWU OYENERA KUYAMBA KUWAMASULIRA

Selo ndi kachipinda kamoyo kamene sikaoneka ndi maso paokha. Thupi la nyama kapena la chomera limamangidwa ndi maselo monga nyumba imamangidwa ndi njerwa. M'kati mwa selo muli phata lotchedwa nyukiliyasi, mmene mumasungidwa DNA. Jini ndi chigawo cha DNA chokhala ndi malangizo a kapangidwe ka puloteni ya mtundu umodzi. Mapuloteniwo ndiwo antchito a selo: ena amamanga, ena amanyamula katundu, ena amadula. Chotero tikanena kuti jini lalamula chinthu, titanthauza kuti puloteni yopangidwa motsata jinilo ndiyo yachita chinthucho.

Mphunzitsi achenjere ndi mawu akuti majini, pakuti m'madera ena ana amawadziŵa monga dzina la mizimu yovutitsa anthu. N'kofunika kunena poyera, phunziro lisanapite patali, kuti mawu aŵiriwa angofanana kamvekedwe, ndipo majini a m'phunziro la sayansi ndi malangizo a chibadwa amene munthu amalandira kwa makolo ake.

IMFA ZA MITUNDU IŴIRI

Munthu akapsa ndi moto kapena akatemeka ndi khasu, maselo a pamalopo amafa mwadzidzidzi. Amatupa, amaphulika, ndipo za m'kati mwawo zimatayikira pa maselo oyandikana nawo. Malowo amafiira, amatentha, amaŵaŵa. Imeneyi ndi imfa ya ngozi, imene akatswiri amaitcha necrosis.

Imfa yachiŵiri ndi ya dongosolo. Selo limafota ndi kupatukana ndi anzake. DNA yake imadulidwa tizidutswa, ndipo selo lonse limagaŵanika timaphukusi tokutidwa bwino, kotero kuti palibe chotayika. Mafuta ena amene amakhala m'kati mwa khungu la selo amatembenukira kunja, nakhala chizindikiro choitana maselo oyandikana, kapena maselo oyera a m'magazi, kuti adzameze timaphukusito. Palibe kutupa, palibe ululu, ndipo m'maola oŵerengeka malowo ayera. M'thupi la munthu wamkulu maselo mabiliyoni ambiri amafa motere tsiku lililonse, mwini wake osamva kanthu.

Popeza imfayi ndi yachangu ndi yosasiya zizindikiro, akatswiri anatenga nthaŵi yaitali asanazindikire kukula kwake. Carl Vogt anaiona m'chaka cha 1842 pofufuza kakulidwe ka achule. M'chaka cha 1964 Richard Lockshin ndi Carroll Williams anafotokoza mmene minofu ina ya gulugufe wa silika imafera pa nthaŵi yoikika, naitcha imfa yokonzedweratu. Mu 1972 John Kerr, Andrew Wyllie ndi Alastair Currie, ku Aberdeen m'dziko la Scotland, anasonyeza kuti imfayi ili ndi maonekedwe amodzimodzi m'ziŵalo zosiyanasiyana, naipatsa dzina lakuti apoptosis. Mawuwa ndi a Chigiriki, ndipo amanena za kuyoyoka kwa masamba. Mwana amene anaona mlambe ukutaya masamba m'nyengo ya chilimwe, mtengo uli wamoyo ndithu, savutika kumva chifukwa chimene anasankhira dzinali.

NTCHITO ZINAYI ZA IMFA YA DONGOSOLO

Ntchito yoyamba ndi kusema thupi. Dzanja la mluza wa munthu limayamba ngati kachipande, zala zitalumikizana. Pakati pa sabata la 6 ndi la 8 la pathupi, maselo a pakati pa zala amafa, ndipo zalazo zimapatukana. Mapazi a nkhuku amasemedwa chimodzimodzi. Bakha amakhala ndi chikopa cholumikiza zala chifukwa m'mapazi mwake puloteni yotchedwa Gremlin imatsekereza uthenga wa imfa. Akatswiri ataika puloteni imeneyi pakati pa zala za mluza wa nkhuku, chikopacho chinatsala monga cha bakha.

Ntchito yachiŵiri ndi kuchotsa ziŵalo zimene zatha ntchito, monga mchira wa mbululu. Uthenga woyambitsa zimenezi ndi homoni yochokera m'chithokomiro. Mu 1912 J. F. Gudernatsch anadyetsa mbululu tizidutswa ta chithokomiro, ndipo zinasanduka tiachule tating'ono nthaŵi yake isanakwane. Chodabwitsa ndi chakuti homoni yomweyo imene imapha maselo a mchira ndiyo imakulitsa miyendo. Uthenga ndi umodzi, koma selo lililonse limauyankha molingana ndi majini amene ali otseguka m'kati mwake.

Ntchito yachitatu ndi kulinganiza chiŵerengero. Mluza umapanga maselo a mitsempha ya ubongo ochuluka koposa ofunika, ndipo m'zigawo zina pafupifupi theka la maselowo limafa. Amene amatsala ndi amene afika pa chiŵalo chimene ayenera kuchitumikira ndi kulandirako chakudya chapadera chowasunga. Zifanana ndi kupatulira mbewu paphando kuti zotsalazo zikule bwino.

Ntchito yachinayi ndi kuchotsa maselo oopsa: amene DNA yawo yawonongeka kwambiri, amene aloŵedwa ndi tizirombo, ndi maselo a chitetezo amene akanaukira thupi la mwini wake.

NYONGOLOTSI IMENE INAULULA CHINSINSI

Kudziŵa kuti maselo amafa mwa dongosolo ndi chinthu china, ndipo kupeza majini olamulira imfayo ndi chinanso. Thupi la munthu lili ndi maselo ochuluka kosaŵerengeka, kotero kuti n'kosatheka kulondola selo limodzi kuyambira kubadwa mpaka kufa kwake. Sydney Brenner, amene anabadwira ku Germiston m'dziko la South Africa ndi kukagwira ntchito ku Cambridge ku England, anasankha kanyama kosavuta kukafufuza. Kanyamako ndi kanyongolotsi kotchedwa Caenorhabditis elegans, kamene kamakhala m'zomera zowola. Kutalika kwake ndi milimita imodzi, thupi lake limaonekera m'kati ngati galasi, ndipo kamakula kuchokera ku dzira mpaka kuyamba kuikira m'masiku atatu kapena anayi okha.

Kuona maso a nkhono n'kudekha. John Sulston anakhala pa maikulosikopu maola ambiri tsiku ndi tsiku, kwa miyezi yambirimbiri, akujambula selo lililonse pamene likugaŵanika. Mu 1977 iye ndi Robert Horvitz anafalitsa mzere wa maselo obadwa kanyongolotsi kataswa, ndipo mu 1983 Sulston ndi anzake anatsiriza mzere wa maselo a m'dzira. Anapeza kuti, kupatula maselo obereketsa, nyongolotsi ya mtundu wofala imapanga maselo 1,090. Mwa ameneŵa 131 amafa, ndipo 959 amatsala. Maselo 113 amafera m'dzira, ndipo 18 amafa kanyongolotsi kataswa kale. Chofunika koposa ndi ichi: m'nyongolotsi iliyonse amafa ndi maselo omwewo, pa malo omwewo, pa nthaŵi yomweyo. Chinthu chobwerezeka motere sichingakhale ngozi. Chiyenera kukhala cholembedwa m'majini.

Horvitz atapita ku Massachusetts Institute of Technology ku America, anayamba kufunafuna majiniwo. Njira yake inali ya munthu wofuna kudziŵa ntchito ya chitsulo china cha njinga: amachichotsa ndi kuona chimene chaleka kuyenda. Nyongolotsi zinapatsidwa mankhwala owononga majini mwa apo ndi apo, ndipo mwa ana ake anafunamo amene imfa ya maselo yasokonekera. Majini anayi akuluakulu anapezeka, ndipo pofuna kuthandiza ana tiwapatsa maina a ntchito zawo.

Mu 1986 Hilary Ellis ndi Horvitz anasonyeza kuti jini la ced-3 kapena la ced-4 likawonongeka, pafupifupi maselo onse 131 aja sakufa. Choncho majini aŵiriŵa ndi ofunika kuti imfa ichitike. Puloteni ya ced-3 imadula mapuloteni ena a m'selo, ndipo tiitcha Wodula. Wodulayo amakhala m'tulo mpaka puloteni ya ced-4 itamudzutsa. Imeneyi tiitcha Wodzutsa.

Mu 1992 Michael Hengartner ndi anzake anafotokoza za jini la ced-9, limene ntchito yake ndi yosiyana. Likawonongeka, maselo ambiri oyenera kukhala ndi moyo amafa, ndipo mluza umafera m'dzira. Puloteni yake imagwira Wodzutsa kuti asafike kwa Wodula, tiitcha Mlonda. Tanthauzo lake ndi lalikulu: zida za imfa zili kale m'maselo amoyo, ndipo chimene chimawasunga ndi Mlonda.

Mu 1998 Barbara Conradt ndi Horvitz anafotokoza za jini la egl-1, limene limatseguka m'maselo okhawo oyenera kufa. Puloteni yake imamatirira kwa Mlonda ndi kumuchititsa kutaya Wodzutsa. Imeneyi tiitcha Mthenga.

Nanga anadziŵa bwanji kuti uyu ali patsogolo pa uyu? Anawononga majini aŵiri m'nyongolotsi imodzi. Mlonda yekha akasoŵa, maselo amafa. Koma Mlonda ndi Wodula akasoŵa onse aŵiri, maselo amakhala ndi moyo. Izi zisonyeza kuti Mlonda alibe mphamvu ina yopatsa moyo. Ntchito yake ndi kuletsa njira yopita kwa Wodula basi, ndipo ngati Wodula palibe, Mlonda safunikanso. Kaganizidwe kameneka ndiko mtima wa phunziro lino. Brenner, Sulston ndi Horvitz analandira mphoto ya Nobel mu 2002 chifukwa cha ntchito imeneyi.

MAJINI OMWEWO M'THUPI LA MUNTHU

Wina angafunse phindu la kudziŵa za kanyongolotsi. Yankho linachokera kwa ofufuza khansa. Mu 1984 Yoshihide Tsujimoto ndi Carlo Croce anapeza jini lotchedwa Bcl-2 m'khansa ina ya maselo oyera, mmene chidutswa cha kromosomu 18 chinasinthana malo ndi cha kromosomu 14, jinilo n'kumagwira ntchito mopyola muyeso. Mu 1988 David Vaux, Suzanne Cory ndi Jerry Adams, ku Melbourne m'dziko la Australia, anasonyeza kuti Bcl-2 silifulumizitsa kugaŵanika kwa maselo, koma limawaletsa kufa. Mu 1992 jini la munthuli linaikidwa m'nyongolotsi, ndipo linapulumutsa ena mwa maselo oyenera kufa. Posakhalitsa zinadziŵika kuti Bcl-2 ndi mbale wake wa ced-9. Mu 1993 Junying Yuan ndi anzake anapeza kuti ced-3 nalonso lili ndi mbale wake mwa munthu. Lero abale a Wodula, amene alipo oposa 10 m'thupi lathu, amatchedwa caspase.

Mwa munthu mzerewu uli ndi sitepe yowonjezera, imene imachitikira pa mitokondiriya, tiziŵalo ta m'selo topanga mphamvu. Mapuloteni aŵiri, Bax ndi Bak, amatha kuboola khungu lakunja la mitokondiriya, ndipo Bcl-2 ndi abale ake ndiwo amawaletsa. Amithenga akachuluka ndi kugonjetsa alonda, khungulo limabooka ndipo puloteni yotchedwa cytochrome c imatuluka. Xiaodong Wang ndi anzake anasonyeza mu 1996 ndi 1997 kuti cytochrome c ikatuluka imagwirana ndi Apaf-1, mbale wake wa ced-4. Mapuloteni a Apaf-1 okwana 7 amalumikizana ngati gudumu, nadzutsa caspase-9, imene imadzutsa caspase-3 ndi odula ena. Zikafika apa selo silibwereranso.

Palinso njira ina yochokera kunja. Pa khungu la selo pali mapuloteni olandira uthenga wa imfa, monga Fas. Maselo a chitetezo akapeza selo loloŵedwa ndi kachirombo, amakhudza mapuloteni ameneŵa, ndipo odula a m'kati amadzuka.

Nanga amatuma Mthenga ndani? Mmodzi wa otuma aakulu ndi puloteni ya p53, imene inapezeka mu 1979. DNA ikawonongeka, p53 imachuluka m'selo. Kuwonongekako kukakhala kochepa, imaimitsa kugaŵanika kwa selo kuti DNA ikonzedwe. Kukakhala kwakukulu, imatsegula majini a amithenga monga PUMA, ndipo selo limafa lisanabale maselo ena opunduka.

MUYESO UKASOKONEKERA

Imfa ya maselo ikachepa, maselo oyenera kuchotsedwa amatsala ndi kuchulukana. Jini la p53 limapezeka lowonongeka m'pafupifupi theka la khansa zonse za anthu. Ana amakondwa kumva za njovu: ngakhale ili ndi maselo ochuluka koposa a munthu ndipo imakhala zaka zambiri, sidwala khansa kaŵirikaŵiri. Mu 2015 ofufuza anafotokoza kuti njovu ya mu Africa ili ndi makope 20 a jini la p53 pamene munthu ali ndi limodzi, ndipo maselo ake amafa msanga DNA ikangowonongeka.

Tizirombo tina taphunzira kutseka njira imeneyi, pakuti selo likafa msanga kachirombo kamasoŵa pobalirana. Harald zur Hausen wa ku Germany, amene analandira mphoto ya Nobel mu 2008, anasonyeza kuti kachirombo ka HPV ndiko kamayambitsa khansa ya khomo la chiberekero. Mu 1990 zinadziŵika kuti puloteni ya kachiromboka yotchedwa E6 imachititsa selo kuphwanya p53 yake. Anthu ambiri otenga HPV amachira okha, chitetezo cha thupi chitakagonjetsa. Koma kakakhalitsa, maselo opanda p53 amapitiriza kugaŵanika ndi DNA yowonongeka, ndipo patapita zaka 15 kapena 20 khansa imatha kuoneka. Mwa amayi amene chitetezo chawo chafooka ndi HIV zimafulumira koposa apa. Mitundu iŵiri ya kachiromboka, 16 ndi 18, imayambitsa pafupifupi 70 mwa khansa 100 zilizonse za khomo la chiberekero. Malaŵi ndi limodzi mwa maiko amene nthendayi ili yochuluka koposa pa dziko lapansi, ndipo mu 2019 boma linayamba kupereka katemera wa HPV m'dziko lonse kwa atsikana a zaka 9. Atsikana a msinkhu umenewu ali m'manja mwa aphunzitsi a pulaimale. Kholo lokayika likabwera kudzafunsa, mphunzitsi wodziŵa phunziro lino angafotokoze kuti katemerayo amatsekereza kachirombo kasanaloŵe m'maselo, n'chifukwa chake amaperekedwa mwana akali wamng'ono.

Nzeru zimenezi zabalanso mankhwala. Mu 2016 dziko la America linavomereza mankhwala otchedwa venetoclax, amene amamatirira ku Bcl-2 monga momwe Mthenga amachitira, kotero kuti maselo a khansa ina ya m'magazi amafa.

Mbali inayo, imfa ya maselo ikachuluka, ziŵalo zimafooka. Munthu akadwala sitiroko, maselo a pakati penipeni pa malo osoŵa magazi amafa imfa ya ngozi, koma ambiri ozungulira malowo amafa pambuyo pake mwa dongosolo. Chotero imfa ya maselo payokha si yabwino kapena yoipa. Chofunika ndi selo liti, liti, ndi angati.

NJIRA ZOPHUNZITSIRA

Zochita zitatu zoyamba ziyenera ana a makalasi apamwamba a pulaimale. Chachinayi chiyenera ana okulirapo ndi a sekondale. Sitiyembekeza kuti mwana aloŵeze maina onse amene tatchula. Mainawo ndi a mphunzitsi, kuti aziyankha mafunso ali ndi poimira.

1. Kuŵeta mbululu. M'nyengo ya dzinja mphunzitsi atunge mbululu zoŵerengeka ndi chikho cha mpini wautali. Ana asaloŵe m'dziŵe kapena kuviika manja m'madziwo, poopa likodzo. Mbululuzo zisungidwe m'botolo lalikulu loonekera m'kati, pa mthunzi, ndi kudyetsedwa masamba oŵiritsa pang'ono. Muikidwe mwala woti tiachule tikwerepo. Ana ayeze mchira ndi rula kunja kwa botolo kamodzi pa sabata, ndipo miyendo yakutsogolo ikatuluka ayeze tsiku lililonse. Asanayambe, aliyense alembe chimene akuganiza kuti chidzachitikira mchira. Ngati mchira umaduka, uyenera kupezeka pansi pa botolo; aufunefune. Aonenso kuti pa masiku amene mchira ukufupika, mbululu imaleka kudya, ndipo afotokoze kumene ikupeza chakudya. Potsiriza tiachule tibwezedwe kumene tinatengedwa.

2. Dzanja la dongo. Mwana aliyense aumbe kachipande ka dongo. Gulu lina lipange zala pomata timizere ta dongo, gulu lina pochotsa dongo la pakati. Mphunzitsi afunse njira imene thupi limatsata popatula zala. Kenaka ana ayerekeze phazi la nkhuku ndi la bakha.

3. Masamu a nyongolotsi. Ana achotse 131 mu 1,090, ndi kupeza kuti maselo akufa ndi pafupifupi 12 mwa 100 alionse. Funso lofunika ndi ili: ngati m'nyongolotsi iliyonse mumafa maselo omwewo, kodi tiphunzirapo chiyani?

4. Seŵero la anthu anayi. Ana akhale m'magulu a asanu: Wodula, Wodzutsa, Mlonda, Mthenga ndi mlembi. Pepala lojambulidwa selo liikidwe pansi. Malamulo ndi atatu. Wodula ang'ambe pepala pokhapokha Wodzutsa atamukhudza. Wodzutsa amukhudze nthaŵi iliyonse imene dzanja lake lili lomasuka. Mlonda agwire dzanja la Wodzutsa mpaka Mthenga atamukoka. Mphunzitsi azichotsa munthu mmodzi kapena aŵiri, ndipo gulu liziyamba lalosera zotsatira lisanaseŵere. Zotsatira zoyenera ndi izi: onse alipo koma Mthenga sanatumidwe, selo likhala, Mthenga watumidwa, selo lifa, Wodula palibe, likhala, Wodzutsa palibe, likhala, Mlonda palibe, lifa ngakhale popanda uthenga, Mlonda ndi Wodula palibe, likhala, Mthenga ndi Mlonda palibe, lifa. Ana akazoloŵera, mphunzitsi atembenuze ntchitoyo: awapatse zotsatira zokha, iwo apeze okha ndondomeko ya anthu anayiwo. Pamenepo adzakhala akuganiza monga anaganizira akatswiri aja.

ZOYENERA KUSAMALA

Fanizo lililonse lili ndi malire ake. Popatulira mbewu amazula ndi mlimi, koma selo limadziphwasula ndi zida zake. Ndiponso mapuloteni alibe nzeru kapena chifuniro. Maina akuti Mlonda ndi Mthenga ndi othandiza kukumbukira chabe, ndipo zonse zimachitika chifukwa puloteni ina imamatirira ku inzake. Mphunzitsi anene zimenezi seŵero likatha.

Mabuku ena amatcha imfayi kudzipha kwa selo. Tilangiza kuti mawu ameneŵa asagwiritsidwe ntchito m'kalasi, pakuti sitidziŵa zimene mwana aliyense wakumana nazo kwawo. Mawu akuti imfa ya dongosolo ndi okwanira.

M'kalasi mungakhale mwana wobadwa ndi zala zolumikizana. Asasandutsidwe chitsanzo pamaso pa anzake. Ana aphunzire kuti zimenezi zimachitika pamene maselo a pakati pa zala sanathe onse, ndipo si tsoka, si ufiti, si kulakwa kwa mayi. Chimodzimodzi pokamba za khansa, mphunzitsi akumbukire kuti ena mwa ana ake ndi amasiye chifukwa cha nthenda yomweyo, ndipo atsindike za katemera ndi kuyezetsa msanga ku chipatala.

MAFUNSO OKAMBIRANA

1. Fotokozani kusiyana kutatu pakati pa imfa ya ngozi ndi imfa ya dongosolo.

2. Nyongolotsi ina ili ndi ced-9 ndi ced-4 owonongeka. Kodi maselo ake 131 afa kapena akhala? Perekani chifukwa.

3. N'chifukwa chiyani kachirombo kamapindula poletsa selo kufa?

4. Konzani phunziro la mphindi 35 la mchira wa mbululu, losonyeza cholinga, zipangizo, zochita za ana ndi mafunso otsiriza.

5. Lembani mawu osapitirira mizere 6 amene munganene kwa kholo lofunsa ntchito ya katemera wa HPV.

MAWU OTSIRIZA

Taona kuti mzere wa majini anayi opezeka m'kanyongolotsi ka milimita imodzi uli ndi abale ake m'thupi la munthu, ndipo kusokonekera kwake kumafotokoza chiyambi cha khansa zambiri. Taonanso kuti akatswiri anaupeza poŵerenga mosamala, pochotsa chinthu chimodzi pa nthaŵi, ndi poyerekeza zimene analosera ndi zimene zinachitika. Njira zitatuzi sizifuna maikulosikopu. Zifuna botolo, dongo, pepala ndi mphunzitsi wolola ana kulosera asanawauze yankho. Tipempha aliyense wa inu kuti pa nthaŵi yokayeserera kuphunzitsa ayese chimodzi mwa zochitazi, alembe mayankho a ana monga momwe anawanenera, ndi kubwera nawo kuti tidzakambirane pamodzi.